Mutu 5: Mzere Umodzi, Zipinda Zitatu

1. Mulu wa matabwa

Kamphepo silinali dzina lake lenileni ayi. Anam'patsa ndi bambo ake ali wamng'ono, chifukwa ukamutuma ankauyamba ulendo usanamalize kulankhula. Ukamutuma sowo, iye wabwera ndi hamala, uku akumwetulira kuti wachita changu. Tsopano anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, koma khalidwe lija linali likadalipo.

Bambo akewo anali kalipentala. Atakonzera anthu ena nyumba kwa zaka zambirimbiri, chaka chimenecho anaganiza zokonzako yawo. Anagumula simenti yakale imene inali maenje okhaokha, n'kuyala mitanda pansi m'zipinda zitatu zolumikizana: chipinda chawo chogona, kanjira ka pakati, ndi pabalaza. Kenako anaunjika pabalazapo mulu wa matabwa a mtengo wolimba, ofiirira, onunkhira bwino, kuti ayambe azolowera mpweya wa m'nyumbamo asanawakhomere pa mitanda ija.

Sanakhomereko ngakhale limodzi. Tsiku lina m'mawa anagwa akuvala nsapato, ndipo pofika kuchipatala n'kuti dzanja ndi mwendo wakumanzere zitafa.

Panatha miyezi iwiri anthu a m'nyumbamo akuyenda modumpha mitanda. Kenako adokotala anati bambo atuluka Loweruka, koma aziyendera chikuku, mpando wa matayala uja. Nanga chikuku chingadumphe mitanda? Pansi panayenera kuyalidwa Loweruka lisanafike.

Amene anabwera kudzathandiza anali azakhali ake a Kamphepo, mlongo wawo wa bambo. Iwonso anali kalipentala, ndipo awiriwa anaphunzira ntchitoyi pa benchi imodzi. Anthu ankawatchula kuti a Chingwe, chifukwa m'thumba mwawo simunkasowa kabokosi ka chingwe chopaka choko, cholembera mizere yowongoka.

2. Chenjezo la azakhali

Lolemba m'mawa azakhali anaima pakanjira, chikwama chili paphewa. Ankapita kuchipatala kukalandira alamu awo, mayi a Kamphepo, amene anali atatheratu ndi kudwazika, kuti abwere adzapumeko. Anati abwerako Lachinayi.

"Lachinayi, azakhali? Ndiye tidzamaliza liti?" anadandaula Kamphepo. "Bwanji ndiyambiretu? Hamala ndimaidziwa ine."

"Umaidziwa, ee, ndipo chikundiopsa n'chomwecho," anatero azakhali. "Tamvera kuno, miyendoyo iyambe yaima. Zipinda izi n'zitatu, koma pansi pake m'pamodzi. Mzere wa matabwa ukayambira kumutu kwa bedi la bambo ako, uyenera kutuluka pakhomo, kudutsa kanjira aka, mpaka kukagunda pawindo la pabalaza osakhota. Munthu wothamanga amayambira pachipupa, poganiza kuti chipupa n'chowongoka. Ine ndalowa m'nyumba zambiri, mwanawe, koma chipupa chowongoka sindinachionepo. Chikapatuka ngati chikhadabo kuno, pofika uko chapatuka chikhatho chonse.

"N'chifukwa chake timayamba ndi chingwe. Timachikoka kuchokera uko kukafika uko, kudutsa m'makomo onse awiri, n'kuchimenya kuti chisiye mzere. Koma tisanachimenye timayeza mbali zonse, kuti thabwa lomalizira kuchipupa lisadzakhale kachidutswa kopyapyala. Kenako timayala matabwa osakhoma, tione ndi maso. Msomali umabwera kumapeto kwenikweni."

"Koma zonsezo si tsiku lathunthu?"

"Lithe! Iwe ntchito yako ndi kusankha matabwa. Aatali paokha, aafupi paokha, opindika paokha. Posankhapo uziwatembenuza, chifukwa bambo ako mapulani awo salemba papepala, amati pepala limatayika. Amalemba kuseri kwa thabwa. Ukalipeza undisungire. Koma hamala usaigwire. Wamva?"

"Ndamva, azakhali," anayankha Kamphepo, maso ali pa hamala.

3. Mizere khumi ndi inayi

Masana amayi anafika kuchokera kuchipatala. Anali ataonda mpaka mphete yawo inkachita kuvuka yokha. Anadumpha mitanda iwiri, itatu, kenako anangokhala pa mulu wa matabwa uja n'kugwira tsaya.

"Bambo ako adzalowa bwanji muno?" anafunsa, misozi ikulengeza. "Tidzachita kuwanyamula ngati katundu?"

Musafulumire kumuweruza Kamphepo. Mwana aliyense akaona mayi ake akulira, manja amamuyabwa kuti achitepo kanthu. Vuto lake ndi lakuti chimene anachita n'chomwe chija anamuletsa.

Lachiwiri kutangocha anatenga thabwa limene linali pamwamba penipeni pa mulu. Kulitembenuza? Analibe nthawi imeneyo. Analowa nalo kuchipinda kwa bambo, n'kuligoneka motsatira chipupa, kusiya kampata ka chala monga ankaonera bambo ake akuchita. Ndiye go! go! go!

Kunena zoona, mwanayu manja anali nawo. Thabwa lililonse linali ndi kalilime mbali imodzi ndi kangalande mbali inayo, ndipo iye ankalowetsa kalilime m'kangalande mwaluso, popanda mpata woti n'kulowa singano. Misomali ankaibisa m'kalilimemo kuti isaoneke pamwamba. Pofika madzulo anali atayala mizere isanu ndi itatu. Amayi anasuzumira, n'kuomba m'manja.

"Koma mwana iwe! Ndiwe bambo ako enieni."

Mawu amenewo anam'tsekemera Kamphepo, moti Lachitatu hamala inalira kuposa dzulo lake. Mzere wa khumi ndi chinayi ndiwo unali woyamba kulunjika pakhomo. Anatenga thabwa lalitali, n'kulilumikiza kuti litulukire m'kanjira.

Thabwalo linatuluka, koma linatuluka mopendeka. M'malo motsata kanjira, linkalowera kuchipupa cha kumanja. Kamphepo anatenga tepi yoyezera. Pafupi ndi khomo, kuchoka pathabwa kufika kuchipupa panali zikhatho ziwiri. Kumapeto kwa thabwalo panali chikhatho chimodzi ndi theka. Analumikiza lina osakhoma, ndipo mpata uja unacheperanso. Pofika pabalaza, mzerewo ukanagunda felemu ya chitseko.

Anakhala pansi, thukuta lili kamukamu. Chipupa chimene anachikhulupirira chija chinali chokhota.

4. Kathabwa ka pakhomo

Kamphepo sankakhalitsa ndi nkhawa. Anakumbukira kuti m'nyumba zina anaonamo kathabwa kopingasa pakhomo, kokwera pang'ono, kobisa pamene matabwa a chipinda china akumana ndi a chipinda china.

"Basi, ndapeza," anadziuza. "Ndidula matabwa onse pakhomopa. Kanjira kayambe mwa iko kokha, pabalazanso payambe mwa ipo pokha. Polumikizira ndiphimba."

Anatenga chidutswa chabwino, n'kuchipala mpaka kusalala. M'mbali anachizunguliza bwinobwino. Kutalika kwake kuchoka pansi kunali ngati chala chimodzi basi. Atakaika pakhomo, kanakhala ngati kanabadwira pomwepo.

"Kakongola," anatero amayi. "Azakhali ako sakwiya?"

"Akwiyiranji, amayi? Ntchito yayenda."

Ananena molimba mtima, koma chakudya cha tsiku limenelo anangochitosatosa.

5. Chikuku

Lachinayi m'mawa azakhali anafika akukankha chikuku chopanda munthu. Achipatala anawapatsiratu kuti akayese ngati chikukwana m'makomo. Anachinyamula kudutsa mitanda, n'kuchitsitsa kuchipinda kwa bambo, pa matabwa atsopano aja.

Anayang'ana pansi. Anayang'ana chipupa. Anayang'ana kathabwa ka pakhomo. Kamphepo anadikira kukalipiridwa, koma azakhali sanakalipe. Bola akanakalipa!

"Wakhoma bwino," anatero pamapeto pake. "Kathabwa akanso wapala bwino. Takhala pa chikukupa."

"Ine?"

"Nanga ine? Khala."

Kamphepo anakhala. Azakhali anagoneka matabwa angapo m'kanjira, kutsidya kwa kathabwa kaja, kuti pakhale poyenda. Kenako anavula mpango wawo n'kumangirira dzanja lamanzere la Kamphepo pa chikukucho.

"Mwendo wamanzerenso usaugwedeze. Uli ndi dzanja limodzi ndi phazi limodzi. Tiye, pita pabalaza."

Kamphepo anaseka, n'kukankha tayala. Chikuku chinayenda mofewa mpaka pakhomo, kenako timatayala takutsogolo tinagunda kathabwa kaja n'kuima. Anakankhanso mwamphamvu. Chikuku chinazungulira n'kukagunda felemu. Anabwerera m'mbuyo, kudzikoka ndi phazi, kuyesanso. Kachitatu kanali komweko. Kachinayi chikuku chinadzuka kutsogolo, ndipo akanagwa chagada azakhali akanapanda kuchigwira.

"Azakhali, tandikankhaniko pang'ono."

"Wati chiyani?"

"Ndati mundikankheko."

Azakhali anagwada patsogolo pake n'kuyamba kumasula mpango uja pang'onopang'ono. Polankhula, mawu awo anali otsika.

"Mawu amenewo, mwana wa mlongo wanga, ndi amene bambo ako sakufuna kuwanena. Masiku atatu ndakhala nawo kuchipatala kuja ndaona chinthu chimene mayi ako akubisira. Bambo ako sakumwa madzi. Milomo yachita kung'ambika, koma ukawapatsa kapu amatembenukira kuchipupa. Ukudziwa chifukwa chake? Akamwa adzafuna kupita kuchimbudzi, ndipo kuti apite ayenera kuitana munthu. Munthu amene wakhala akukwera pamadenga a anthu moyo wake wonse, lero aziitana mlongo wake kuti amukankhe? Akuona kuti bola ludzu.

"Adokotala akuti akapitiriza choncho, impso zivulala. Ine ndawalonjeza kuti kunyumba sadzaitana munthu. Ndawauza kuti kuchoka pabedi kupita kuchimbudzi, kupita pabalaza, kupita pawindo, adzayenda okha. Pakhomo la chimbudzi m'kanjiramo ndinasalaza kale. Tsopano iwe waika kathabwa ako apa, ndipo pakhomo la pabalaza pafunikanso kena. Kwa iwe ndi ine n'kachala kamodzi, timangokadumpha osakaona n'komwe. Iwo adzaima pamenepa kasanu, kakhumi pa tsiku, kudikira kuti wina adutse."

Amayi anali ataima m'kanjira, atagwira pakamwa.

"Alamu, nthawi yatha," anatero mwachisoni. "Mwanayu wavutika masiku awiri. Sitingangokapala kathabwako kuti katsike?"

"Tingakapale, koma sikangathe, chifukwa kakubisa cholakwa," anayankha azakhali. Kenako anatembenukira kwa Kamphepo. "Ine sindizula thabwa lako ngakhale limodzi. Ukati tipitirize, tipitiriza, ndipo Loweruka nyumba yonse ikhala itatha, yokongola. Ukati tizule, matabwa ena athyoka, ndipo pabalaza sitimaliza. Bambo ndi ako. Unene ndiwe."

Kamphepo anayang'ana mizere yake khumi ndi inayi. Inali yokongola, abale, yosalala ngati tebulo. Inali ntchito yoyamba imene amayi ake anamuyamikira kuti wafanana ndi bambo. Analira, ndipo sanabise.

Kenako anadzuka pa chikuku, n'kutola kathabwa ka pakhomo kaja, kukaika pawindo.

"Azakhali, ndalakwa. Chitsulo chozulira misomali chili kuti?"

6. Kuseri kwa thabwa loyamba

Kuzula kunapweteka kuposa kukhoma. Thabwa lililonse linkalira potuluka. Azakhali anamuonetsa kulowetsa chitsulo pansi penipeni pa msomali n'kukweza mofatsa, komabe timalilime ta matabwa asanu ndi anayi tinathyoka. Lililonse likathyoka, Kamphepo ankatseka maso.

"Usawataye," anatero azakhali. "Tidzawadula n'kuwaika kumapeto, kunsi kwa bedi."

Dzuwa lili paliwombo anafika pa thabwa loyamba lija, la kuchipupa. Kamphepo analizula, n'kulitembenuza kuti achotse misomali. Anangoti kakasi.

Kuseri kwake kunali zolemba za pensulo. Bambo anajambula zipinda zitatu, ndi mzere umodzi wodutsa m'makomo onse awiri. M'mbali munali manambala. Pansi pake analemba ndi zilembo zawo zopendeka zija:

Yambira pa chingwe. Chipupa cha kuchipinda n'chokhota, ndinamanga ndekha ndisanadziwe ntchito. Mbali ina ya chingwe adzagwire Kamphepo.

Azakhali anawerenga, n'kuseka misozi ikutsika.

"Wamuona mlongo wangayo? Zaka zonsezi ankakana kuti chipupachi si chokhota! Ndipo iwe pulani yonse unaikhomera pansi, chafufumimba."

Kamphepo sanaseke. Anawerenganso mzere womalizawo kawiri, akusisita zilembozo ndi chala. Bambo ake anamuwerengera pa ntchitoyi kalekale, asanadwale n'komwe.

Azakhali anatulutsa kabokosi kawo m'thumba n'kumupatsa nsonga ya chingwe.

"Pita nayo pawindo la pabalaza. Uyende, usathamange."

Kamphepo anayenda. Chingwe chinatuluka kuchipinda, kudutsa kanjira, kulowa pabalaza. Anachikoka mpaka chinati nga, koma azakhali anakana kuchimenya msanga. Anayamba ayeza kuchoka pachingwe kufika kuchipupa chilichonse, Kamphepo akulemba manambala ndi kugawa ndi kukula kwa thabwa. Pabalaza zinatuluka bwino. Kuchipindanso bwino. Koma m'kanjira, thabwa lomalizira kumanzere likanakhala lopyapyala ngati zala ziwiri.

"Ndiye titani?" anafunsa azakhali.

Kamphepo anatsegula pakamwa kuti ayankhe msanga, kenako anatsekanso. Anayang'ana manambala ake, n'kuyang'ana a bambo.

"Tisunthe chingwe chonse kumanja, theka la thabwa. Kenako tiyezenso zipinda zonse."

"Zonse?"

"Zonse, azakhali."

Anayezanso, ndipo manambala ake anafanana ndi a kuseri kwa thabwa. Apo m'pamene azakhali anamuuza kuti apite pakati pa kanjira, atsine chingwe, achikweze, n'kuchisiya. Thwa! Fumbi la choko linabuka, ndipo pa mitanda yonse panatsala mzere wabuluu, umodzi, kuchokera kumutu kwa bedi mpaka pawindo.

Masana onsewo sanakhome msomali. Anayala matabwa motsata mzerewo, kuwasuntha, kuwasinthanitsa kuti molumikizira musakhale moyandikana. Hamala inalira dzuwa litapendeka. Lachisanu inalira tsiku lonse, amayi akupatsira matabwa, azakhali akudula, Kamphepo akukhoma mpaka m'manja munatuluka matuza.

Monga ananenera azakhali, sanamalize. Chipinda chinatha, kanjira kanatha, koma pabalaza anangofika theka. Mbali yotsalayo anaitchinga ndi mipando kuti chikuku chisagwereko.

7. Loweruka

Bambo anafika cha m'ma teni koloko. Anali atachepa thupi, ndipo pakamwa panali patakhotera mbali imodzi. Kamphepo anagwada n'kuwagwira dzanja lamoyolo. Milomo yawo inalidi yong'ambika.

Anawalowetsa mpaka kuchipinda. Kenako azakhali anachotsa manja awo pa chikuku, n'kuwapinda kumbuyo. Anatsinzinira amayi kuti nawonso asagwire.

"Achimwene, ife tili pabalaza," anatero. "Mukatifuna mutipeza."

Atatuwo anakaima pawindo, osapuma n'komwe. Kuchipinda kunali zii. Amayi anafuna kubwerera, koma azakhali anawagwira mkono.

Kenako anamva matayala. Chikuku chinatulukira pakhomo la kuchipinda, bambo akukankha ndi dzanja lamanja, phazi likuwongolera. Pakhomopo anaima okha, n'kuyang'ana pansi ngati akufunafuna chowapunthwitsa. Panalibe. Anakankhanso. Chikuku chinadutsa kanjira, chinadutsa khomo lachiwiri, chinafika pabalaza.

Anaima pafupi ndi mipando ija n'kusuzumira mbali yosatha. Pa mutanda umodzi pankaonekabe fumbi labuluu. Anayang'ana m'mbuyo, kutsata mizere ya matabwa ndi diso limodzi monga amachitira akalipentala, mpaka kumutu kwa bedi lawo.

"Chingwe," anatero movutikira. "Ndani?"

"Ine, ababa. Koma poyamba ndinalakwitsa. Ndinayambira pachipupa chanu chija."

Mbali yamoyo ya nkhope yawo inamwetulira.

"Chokhota," anavomera.

"Mwamva nonse!" anafuula azakhali. "Wavomera yekha lero!"

Bambo anatembenuza chikuku, n'kulunjika patebulo pamene panali jagi ya madzi ndi kapu. Amayi anatambasula dzanja kuti awathirire, koma iwo anapukusa mutu. Anathira okha, ena akutayikira pa matabwa atsopanowo. Anamwa kapu yonse osapumira. Anathiranso ina, n'kumwanso.

Amayi anakhala pansi pomwepo n'kulira mokweza. Kamphepo anatenga kansalu kuti apukute madzi otayikawo, koma sankaona bwino pamene akupukuta.

Ali chigwadire choncho, anamva dzanja la bambo paphewa pake. Bambo anapisa m'malaya n'kutulutsa kiyi amene ankamuvala m'khosi ngakhale kuchipatala. Anali kiyi wa shedi yawo ya ukalipentala, imene inali yotseka chigwereni iwo. Anamuika m'manja mwa Kamphepo, pa matuza paja, n'kupinda zala zake.

Amayi anasiya kulira. Anayang'ana kiyiyo, kenako anayang'ana amuna awo.

"Bambo a mwana, kiyi ameneyo mukumupatsiranji?" anafunsa. "Mwanayu sukulu akutsegulira mkuja. Mukufuna aisiye kuti alowe m'malo mwanu?"

Bambo sanachotse dzanja lawo. Amayi sanachotse maso awo. Kamphepo anayang'ana azakhali kuti amuthandize, koma azakhali anali atatanganidwa ndi kukulunga chingwe chawo.